Amene Anatsogola Tiwakumbuke ndi Manja Athu

Mawu amene Abusa analankhula pa mapemphero a chikumbutso, Loweruka madzulo, pa chikondwerero cha zaka 50 za mpingo wathu



Mawa ndi tsiku la nyimbo, la makwaya ndi la chakudya. Koma akulu a mpingo anaona kuti n'chanzeru kuti tisanavine tiyambe takumbuka. Mwamva maina amene alembi awerenga posachedwapa. Ena mwa iwo ndi amene anaumba njerwa za tchalitchi chino, ena anatunga madzi omangira, ena anali ana amene sanafike n'komwe pa msinkhu wolowa kalasi. Pamene maina amawerengedwa ndinaona mitu ikuwerama benchi ndi benchi, chifukwa palibe banja muno limene silinaperekezepo wina kumanda. Mpingo ukakwanitsa zaka 50 umakhala ndi anthu mbali ziwiri, ena pa mabenchi, ena kwa Ambuye. Funso limene ndabwera nalo madzulo ano ndi ili: kodi amene anatsogolawo tiwakumbuke motani?

Mawu akuti jubili tinawatenga m'Baibulo, pa Levitiko 25. Kwa Aisraeli chaka cha 50 chinali chaka choliza lipenga. Lipenga likalira, munthu amene anagulitsa munda wa makolo ake chifukwa cha umphawi ankabwezeredwa mundawo, ndipo amene anadzigulitsa kukhala kapolo ankamasulidwa kubwerera kwa abale ake. Taonani, chaka chimenecho wopindula anali wosauka. Ngati chikondwerero chathu chitha mawa, tasoka yunifolomu ya chitenje, tadya mpunga ndi nyama, koma wamasiye wa kuseri kwa tchalitchi chino wagona monga anagonera dzulo, ndiye kuti tachita phwando chabe, lipenga silinalire.

Dziko lathu la Malambo ndi labwino, koma silinakhalepo lofewa. Amene anabweretsa Uthenga kuno anakulawa kuwawa kwake. A Leonard Kamungu, wansembe wa Anglican wochokera ku Nyasaland, anabwera kudzatumikira ku Msoro, ndipo anamwalira komweko mu 1913 atagwira ntchito zaka zochepa chabe. Makolo athu amene anayamba mpingo uno ankayenda pansi kupita kukalalikira m'midzi, nthawi zina kudikira njovu kuti zipatuke panjira. Ambiri a ife tikukumbuka madzi a mu February 2007, pamene Luangwa anasefukira n'kulowa m'minda ndi m'nyumba. Tonse tikukumbuka chilala cha 2024, pamene chimanga chinauma chisanabereke, mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti dziko lili pa tsoka. Kuno mvula ikachuluka Lupande ndi timitsinje take amatitsekera njira, ikachepa nkhokwe zimakhala zopanda kanthu, ndipo chaka chimene mbewu zachita bwino njovu zimabwera kudzakolola usiku umodzi. M'dziko lotere palibe banja limene lingaime palokha. Mpingo uno wafika zaka 50 chifukwa anthu ananyamulana.

Achikulire muno mukukumbukanso zaka za kaliwondewonde. Munali kuchoka ku maliro m'mawa, madzulo uthenga wa maliro ena wafika. Adzukulu anatopa, makasu anatha, ndipo agogo amene anayenera kupuma anayambanso kulera ana aang'ono. Chowawa koposa chinali chakuti matendawo sankatchulidwa. Tinkangoti wadwala nthawi yaitali, kapena tinkaloza chala kwa nkhalamba ya m'mudzi.

M'masiku amenewo kholo lina linachita chinthu chimene ndikufuna tichiganizire. Mu December 1986 a Kenneth Kaunda, ali Pulezidenti wa dziko lino, anataya mwana wawo Masuzyo. Akanatha kubisa, pakuti ndani akanawafunsa? Koma mu 1987 anaima pamaso pa atolankhani n'kunena poyera kuti mwana wawo anamwalira ndi Edzi. Nthawi imeneyo ngakhale munthu wamba sankayerekeza kutchula zimenezo za mwana wake. Atachoka pa mpando mu 1991, zaka zambiri za ukalamba wawo anazithera pa nkhondo yolimbana ndi matendawa. Anakhazikitsa bungwe la Kenneth Kaunda Children of Africa Foundation, ndipo mu 2002 anayezetsa magazi poyera kuti ena achotse mantha. Chisoni sichinawaleke pamenepo. Mu November 1999 mwana wawo wina, Major Wezi Kaunda, amene anakhalapo phungu wathu wa Malambo, anawomberedwa kunyumba kwake ku Lusaka. Mu 2012 Mama Betty anatsogola. Iwo anapuma pa 17 June 2021 ali ndi zaka 97. Tonse tikukumbuka kansalu koyera kamene kankakhala m'dzanja lawo, ndi mmene ankapukutira nako misozi osachita manyazi.

Sindikunena zimenezi chifukwa cha ndale, pakuti muno muli anthu a zipani zosiyanasiyana. Ndikunena za tate wofedwa amene anatenga imfa ya mwana wake n'kuisandutsa chenjezo lopulumutsa ana a anthu ena. Mu 2005 boma linachotsa malipiro a mankhwala a ma ARV, ndipo lero alipo pakati pathu amene akumwa mankhwalawa, akulima, akuimba m'kwaya, akulera zidzukulu. Njira yofikira pamenepo inayamba ndi anthu amene analimba mtima kutchula dzina la chimene chinapha okondedwa awo.

Tsopano ndiloleni ndilankhule monga kholo, chifukwa ambiri mukudziwa kuti m'maina amene awerengedwa muli dzina la mwana wathu woyamba. Zaka 9 zapitazo, tili ndi miyezi yochepa chifikire pa mpingo uno, mwana wathu wamkazi wa zaka 7 anatentha thupi madzulo. Unali mwezi wa February, mvula itagwa masiku atatu osaleka. Pofika mbandakucha anayamba kukomoka. Kamtsinje ka panjira kanali katadzaza. Anyamata awiri a mpingo uno anamunyamula pamapewa n'kuwoloka naye madzi ofika m'chifuwa, ndipo kutsidya bambo wina wa honda, amene sanali wa mpingo wathu, anatitenga n'kukana kulandira ngakhale ndalama ya mafuta. Kuchipatala anamwino anachita zonse zimene akanatha. Anali malungo a mu ubongo. Tsiku lachiwiri usiku anatisiya.

Ine ndinaphunzira zaka zingapo ku sukulu ya Baibulo, ndipo ndinali nditalalikira pa maliro ambiri. Tsiku limenelo ndinalibe mawu. Amene analalikira ndi inu. Amayi a Chigwirizano anagona pansi m'siwa ndi Amayi Busa, kuimba mpaka kucha. Mkulu wa mpingo wina, amene dzina lake lawerengedwanso lero, anachotsa matabwa amene anasungira chitseko cha nyumba yake kuti apangire bokosi. Patapita sabata ziwiri ndinapita kumunda ndikuganiza kuti udzu wamaliza chimanga, ndinapeza munda wonse wopalira. Mpaka lero palibe amene anandiuza kuti anapalira ndani. Akale anati maliro n'kulirana, ndipo ine mwambi umenewu ndinaumvetsa pa mpingo uno.

Koma amene anatiphunzitsa kwambiri ndi mayi wina wamasiye, amene anaika ana ake anayi m'zaka za kaliwondewonde. Anthu atabalalika, pamene nyumba imakhala zii ndipo chisoni chenicheni chimayamba, mayiyu ankabwera Lachinayi lililonse ndi lichero la nshawa. Ankakhala pamphasa ndi Amayi Busa n'kumasenda. Sankatsegula Baibulo, sankanena kuti lekani kulira. Nthawi zina ankatchula dzina la mwana wathu n'kufunsa kuti ankakonda ndiwo zanji. Inu amene munafedwapo mukudziwa kukoma kwake kumva wina akutchula dzina limene ena onse akuliopa. Tsiku lina kunabwera munthu wonong'ona kuti imfa yotere siichitika chabe, tipite tikaombeze tione amene watilodza. Mayi uja anayankha ife tisanatsegule pakamwa. Anati, "Abusa, ine ndinaika anayi. Ndikanati ndizifunafuna mfiti, bwenzi lero ndilibe mbale ngakhale mmodzi wondipatsa madzi. Udzudzu tonse tikuudziwa." Nkhani inathera pomwepo.

Mtumwi Paulo, pa chiyambi cha kalata yake yachiwiri kwa Akorinto, akuphunzitsa kuti chitonthozo chimene Mulungu amatipatsa m'masautso sichithera mwa ife, chimayenera kupitirira kukafika kwa ena amene ali m'masautso. Mayi uja sanapite ku sukulu ya Baibulo, koma chiphunzitso chimenechi anachichita ndi lichero la nshawa.

Patatha chaka, Amayi Busa anatsegula sutikesi imene munali yunifolomu ya mwana wathu, nsapato ndi chikwama cha mabuku. Kwa miyezi yonseyo palibe amene ankaikhudza. Anazichapa, n'kukapereka kwa mtsikana wina wa m'kalasi mwake amene ankaleredwa ndi agogo ake ndipo ankapita kusukulu wopanda nsapato. Madzulo a tsiku limenelo tinalira kuposa tsiku la maliro. Koma m'mawa mwake tinaona diresi lija likudutsa pamsewu kupita kusukulu, ndipo china chake chinamasuka m'mitima yathu. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse pa tsiku lake lobadwa timagula mabuku, nsapato ndi sopo za mtsikana mmodzi wa msinkhu umene iye akanakhala nawo. Chaka chino akanakhala ndi zaka 16, ali ku sekondale.

Ndisakunamizeni, abale anga. Kuthandiza ena sikuchotsa chisoni. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, inde, koma salowa m'malo mwa amene anapita, ndipo si bwino kumusenzetsa katundu ameneyo. Mpaka lero mvula ya February ikamagwa usiku, kunyumba kwathu tulo timasowa. Chimene ndaona n'chakuti chikondi chimene unali nacho pa mwana sichifa pamodzi ndi iye. Chimatsala m'manja mwako chilibe kopita. Ukachitsekera m'nyumba chimasanduka mkwiyo, ena chimawapititsa ku mowa, ena chimawadanitsa ndi abale. Ukachipatsa kopita chimakhala chakudya cha wina. Ndiponso wofedwa asakakamizidwe. Ife zinatitengera chaka kuti titsegule sutikesi. Wina zidzamutengera zaka zitatu. Mulungu sawerenga masiku a maliro monga timawerengera ife.

Pa Machitidwe 9 timawerenga za Dorika wa ku Yopa, mayi amene ankasokera amasiye zovala. Atamwalira, Petro anaitanidwa, ndipo amasiye anamuzungulira akulira, akumuonetsa malaya amene Dorika anawasokera. Chikumbutso cha Dorika chinali pa matupi a anthu osauka. Sindikuletsa chiliza. Ifenso tinaika mwala pa manda a mwana wathu, ndipo timapitako kukalambula. Koma ndaonapo banja likugulitsa mbuzi zonse ndi thonje la chaka chonse kuti ligule mwala wonyezimira wochokera ku Chipata ndi kudyetsa khamu pa tsiku lovundukula, pamene ana a malemuyo asiya sukulu chifukwa chosowa yunifolomu. Kodi malemuyo akanafunsidwa akanasankha chiti?

Pali chinthu chinanso chimene chimanyozetsa maina a akufa athu, ndipo ndichinena poyera pamaso pa mafumu. Bambo akamwalira, abale ena amafika ndi misozi m'maso koma maso omwewo akuwerenga malata, njinga ndi matumba a chimanga. Maliro asanathe n'komwe, mayi ndi ana atsala ndi mphasa. Kumeneko n'kuba, ngakhale wochitayo atavala yunifolomu ya mpingo. Dziko lino lili ndi lamulo la 1989 lonena za chuma cha munthu amene wamwalira osalemba wilo. Pa magawo 100 alionse, ana amalandira 50, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a malemu 20, ndipo ena amene ankadalira malemuyo 10. Nyumba ndi ziwiya za m'nyumba ndi za wotsalayo pamodzi ndi ana. Nkhani za minda ya makolo zili m'manja mwa mafumu athu, ndipo tikuwapempha kuti apitirize kuteteza amasiye kuti asathamangitsidwe pa munda umene analima ndi amuna awo. Wamasiye akalandidwa katundu, ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo mkulu wa mpingo wa dera lake amuperekeze, asapite yekha. Inu abambo, kulemba wilo sikuitana imfa. N'kukonda ana anu mukadali moyo.

Tsono akulu a mpingo atakhala pansi anagwirizana zinthu zitatu zimene tiyambe m'chaka chino cha jubili, ndipo andituma kuti ndizibweretse kwa inu.

Choyamba ndi buku la chikumbutso. Maina amene awerengedwa lero ndi okhawo amene tinawapeza m'mabuku akale, ndipo ena mwa mabukuwo anadyedwa ndi chiswe, ena ananyowa ndi madzi. Banja lililonse libwere kwa alembi kudzalembetsa okondedwa awo, ngakhale khanda limene linakhala masiku awiri okha. Amayi ambiri muno ananyamula chisoni cha makanda otere mwakachetechete, ngati kuti sanali anthu. Mulungu anawadziwa, ndipo mpingo uwalembe.

Chachiwiri ndi nkhokwe ya chikumbutso. Pa nthawi yokolola, banja lililonse limene lingathe libweretse meda imodzi ya chimanga, mapira, mpunga kapena nshawa pa dzina lililonse limene lalembetsa. Amene njovu zamudyera munda chaka chimenecho asadandaule, iyeyo ndiye woyamba kulandira. Nkhokweyi tidzaimanga ya njerwa ndi simenti, pakuti tonse tikudziwa zimene njovu imachita ndi nkhokwe ya nsungwi. Idzatsegulidwa mu January ndi February, miyezi imene njala imaluma, ndipo oyamba kuganiziridwa adzakhala agogo olera ana amasiye, odwala amene akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, ndi mabanja amene agwa m'maliro. Wolandira sadzafunsidwa kuti amapemphera kuti. Bambo wa honda uja sanatifunse za mpingo wathu.

Chachitatu ndi thumba la ulendo wa kuchipatala. Kuno anthu ambiri satayika chifukwa chakuti mankhwala kulibe, koma chifukwa cha mtunda, madzi, ndi kusowa ndalama ya mafuta pakati pa usiku. Dera lililonse la mpingo likhale ndi ndalama yokwanira ulendo umodzi wa honda, yosungidwa ndi mtumiki wa deralo, kuti mwana akadwala kapena mayi woyembekezera akayamba kumva kupweteka, banja lisayambe layendayenda kukongola. Kubweza kudzakambidwa wodwala atafika kale kuchipatala. Ndipo makolo anzanga, mwana akatentha thupi ayezedwe malungo tsiku lomwelo kwa wazaumoyo wa m'mudzi kapena ku kiliniki. Akayamba kukomoka, kusanza chilichonse, kulephera kumwa kapena kuyamwa, kapena kugona osadzuka bwino, nyamukani nthawi yomweyo, pempherani muli panjira. Maneti amene timalandira ndi ogonamo, si ophera nsomba kapena otchingira dimba.

Ndikudziwa funso limene lili m'mitima ya ena: kodi zimenezi sizidzathera m'matumba a anthu ochepa? Funsolo ndi loyenera. Nkhokwe idzakhala ndi maloko awiri, kiyi imodzi kwa atumiki, ina kwa amayi a Chigwirizano. Zolowa ndi zotuluka zidzalembedwa, ndipo miyezi itatu iliyonse zidzawerengedwa pamaso pa mpingo wonse. Abusa ndi banja lawo sadzasunga kiyi kapena ndalama. Chopereka chimene chaperekedwa m'dzina la womwalira ndi chopatulika, ndipo wochidya adzakhala atadya misozi ya anzake.

Achinyamata, inunso muli ndi gawo. Kuyambira 2022 boma linachotsa malipiro a sukulu kuyambira ku pulayimale mpaka ku sekondale, ndipo kudzera mu CDF kuli thandizo la ana osauka opita ku sukulu zogonera komweko ndi la maphunziro a ntchito zamanja. Koma agogo ambiri sadziwa kuti mafomu amatengedwa kuti, ndipo sangathe kuwalemba. Inu amene mumawerenga Chingerezi ndipo muli ndi mafoni, pitani mukakhale nawo pansi, muwalembere, muwaperekeze kwa a komiti ya chitukuko ya wadi yawo. Mwina mulibe meda ya chimanga, koma muli ndi bolopeni ndi miyendo.

Wina anganene kuti, Abusa, ine ndine wosauka, ndipereka chiyani? Kumbukirani kuti amene anamanga mpingo uno analibe malipiro a pamwezi. Anali alimi a mapira ndi asodzi, amayi osenza mitsuko pamutu. Kupatsa n'kuika. Iwo anaika, ndipo ife takhala tikutapa kwa zaka 50. Ana a Sande sukulu amene akhala kutsogolo kunowa ndi amene adzakonze chikondwerero cha zaka 100. Pa tsiku limenelo maina athu ndi amene adzawerengedwe. Adzapeza chiyani chimene tinawaikira?

Kwa inu amene bala likadali laliwisi, amene mwaika wokondedwa wanu chaka chino, sitikukupemphani kanthu madzulo ano. Khalani pakati pathu, lirani, ife tikugwirani. Nthawi yanu yotonthoza ena idzafika yokha. Kwa ife ena amene tinatonthozedwa kale, Lachinayi likubwerali pali khomo lina m'mudzi mwanu limene anthu analeka kupitako chifukwa maliro anatha. Tengani lichero lanu mupiteko.

Chiyembekezo chathu n'chakuti Yesu Khristu anauka kwa akufa, ndipo amene anagona mwa Iye tidzaonana nawonso. Kufikira tsiku limenelo, tiyeni tiwakumbuke ndi manja athu. Alembi akhala pakhomo ndi buku tikamatuluka, ndipo akhalaponso mawa tikatha mapemphero.

Mulungu wa chitonthozo chonse asunge mpingo uno, asunge mafumu athu ndi dziko lathu la Malambo. Tiyeni tiimirire, tikhale chete kwa mphindi imodzi, kenaka tipemphere. Amen.